Mayi wogwidwa ndi shuga ndi sopo: kodi chilango chinalingana ndi mlandu?

Aphunzitsi Opuma, Chisitu

Abale ndi alongo a pagulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata atatu tsopano, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane mofatsa popanda kutchula dzina la munthu kapena la sitolo. Mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene mwamuna wake anaolokera ku Mozambique kukasaka maganyu chaka chatha ndipo sanabwererenso, anagwidwa pa golosale ina atabisa paketi imodzi ya shuga ndi mtanda wa sopo m'chitenje chimene anaberekera mwana. Anyamata a pamsika anamukhazika padzuwa, anamuwomba mbama, kenaka anamujambula atasenza katunduyo, ndipo chithunzicho chinazungulira pa WhatsApp mpaka chinafika kwa ana a pasukulu imene mwana wake wamkulu amaphunzira. Anagona m'chitokosi masiku awiri pamodzi ndi khanda lake, ndipo atavomera mlandu kukhoti anamulamula kuti alipire K40,000, apo ayi akakhale kundende miyezi inayi. Shuga ndi sopo zija zinabwerera kwa mwini golosale zisanatsegulidwe n'komwe.

Ndalamazo sanazipeze, choncho pamene ndikulemba pano ali m'ndende. Ana atatu otsala ali ndi agogo awo amene saonanso bwino, ndipo mtsikana wamkulu, yemwe ndinkamuthandiza masamu madzulo pokonzekera mayeso a Sitandade 8, wasiya kupita kusukulu. Sindikunena kuti mayiyu sanalakwe, chifukwa kuba n'kuba ndipo kwa zaka zonse zimene ndinagwira choko ndinkaphunzitsa ana zomwezo. Chimene ndikufunsa n'chakuti, tikaphatikiza mbama, chithunzi, chitokosi, ndende ndi sukulu ya mwana, kodi zonsezi zikulinganadi ndi paketi ya shuga imene inabwezedwa?

Mayi a Tadala, Limbuli

Aphunzitsi, nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, komabe ndikupempha kuti mumvenso mbali ya ife amene timagulitsa. Ine ndili ndi okala yaing'ono imene ndinayamba ndi ngongole ya banki m'khonde, ndipo ngongoleyo imafunika kubweza mwezi uliwonse, kaya ndagulitsa kaya sindinagulitse. Katundu ndimakapikula ku Limbe, ndimalipira minibasi kupita ndi kubwerera, ndimalipiranso wonyamula, ndipo phindu la pa paketi imodzi ya shuga ndi lochepa kwambiri moti imodzi ikasowa ndiyenera kugulitsa mapaketi ambiri kuti ndibwezeretse mpamba wokha. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mpamba umene kale unkadzaza mashelefu awiri tsopano sudzaza ngakhale imodzi.

Anthu akamanena kuti ndi shuga chabe amaiwala kuti inenso ndine kholo, ndipo ana anga amadya kuchokera pa shuga yemweyo. Ndili ndi kope la ngongole lodzaza ndi mayina a amayi a m'dera lino amene amabwera n'kunena poyera kuti lero kunyumba kulibe kanthu, ndipo ndimawapatsa kuti adzalipire akatcheka tiyi kapena akagulitsa nandolo. Wopempha ndimamulemekeza. Koma wobisa katundu kumbuyo kwa khanda wandichitira chinyengo, ndipo ndawaonapo ena amene amachita zimenezi sabata iliyonse podziwa kuti palibe amene angafufuze m'mbeleko. Ngati tinena kuti kholo lisamalangidwe, ndiye kuti tauza aliyense kuti okala za amayi anzawo ndi zongotola.

Bambo a Yamikani, kale kalaliki wa kukhoti

Ndikuthokoza onse awiri, ndipo ndilole ndifotokoze zimene lamulo limanena, chifukwa ambiri amaganiza kuti woweruza alibe njira ina koma chindapusa kapena ndende. Kuba wamba kumalangidwa pansi pa gawo 278 la malamulo a milandu ndi zilango zake, ndipo chilango chachikulu ndi zaka 5. Koma zaka zimenezo ndi za mbava yoipitsitsa, osati za munthu aliyense amene wagwidwa. Lamulo loyendetsera milandu ndi umboni, pa gawo 340, limanena kuti munthu amene sanapezekepo wolakwa kale asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litakhutira kuti palibe njira ina yoyenera yomulangira. Gawo 339 limalola khoti kupereka chilango koma n'kuchiimika, kutanthauza kuti munthu amabwerera kwawo ndi chenjezo lakuti akalakwanso m'nthawi yoikika adzachigwira. Gawo 337 limalolanso kumumasula munthu ndi chenjezo lokha ngati mlandu uli waung'ono. Palinso chilango chogwira ntchito zothandiza anthu, monga kusesa pachipatala kapena kulambula pasukulu, chimene chakhala chikugwiritsidwa ntchito m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2000, ndipo wochigwira amagona kwawo ndi ana ake.

Choncho lamulo lathu silouma mtima ayi. Vuto limene ndinaliona kwa zaka zambiri ndili patebulo lolembera lija n'lakuti munthu wosauka amalowa m'khoti ali yekha, wanjala, wamantha, atagona pasimenti, ndipo amavomera mlandu mwamsanga kuti zithe. Woweruza akamufunsa ngati ali ndi dandaulo lililonse asanapereke chilango, iye amaweramitsa mutu n'kunena kuti alibe mawu, pamene nthawi imeneyo ndiyo inali yoti anene kuti ali ndi ana anayi, mwamuna kulibe, katundu anabwezedwa ndipo sanalakwepo chibadwire. Zimene sizinanenedwe sizilembedwa, ndipo zimene sizinalembedwe woweruza sangaziganizire.

Chachiwiri, chindapusa chimayenera kuyang'ana mphamvu ya munthu. K40,000 kwa munthu wapantchito ndi chilango chopepuka chimene amalipira tsiku lomwelo n'kupita kwawo, koma kwa mayi amene analephera kugula sopo ndi ndende basi, ngakhale papepala palembedwa kuti chindapusa. Anthu awiri olakwa mofanana amatuluka pakhomo limodzi, wina kupita kunyumba, wina kukwera galimoto ya akaidi, ndipo chowasiyanitsa ndi thumba.

Anaphiri, mlangizi wa zaumoyo, Nkando

Ine ndiyankhula monga munthu amene amayeza ana kusikelo mwezi ndi mwezi. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa pofuna kupha khoswe umaswa mkhate. Mayi wa ana aang'ono akatsekeredwa, amene amayamba kugwira chilangocho ndi ana. Khanda loyamwa limaloledwa kulowa naye m'ndende, ndipo limakulira m'chipinda chothinana mmene chifuwa ndi mphere zimafalikira msanga, pamene mayi wake akudya kamodzi patsiku nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, n'kumayembekezeka kukhala ndi mkaka wokwanira. Otsala kunyumba amayamba kujomba kusikelo, katemera amadumpha, ndipo pakapita miyezi iwiri timawapeza akufunika chiponde.

Dziko lathu linavomereza pangano la mayiko a mu Africa lokhudza ufulu ndi chisamaliro cha ana, ndipo gawo 30 la panganolo limanena kuti poweruza mayi woyembekezera kapena wa ana aang'ono, chilango chosakhala cha ndende chiyenera kuganiziridwa poyamba. Mayi a Tadala, sindikutsutsa zoti mumapwetekedwa, koma mwana wa miyezi isanu ndi itatu sanakubereni kanthu.

Tisaiwalenso kumene anthu a kuno achokera. Namondwe Freddy mu March 2023 anakokolola minda ndi nyumba kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo chaka chotsatira mvula inadula, mpaka boma linalengeza mu March 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Minda kuno ndi yaing'ono kuyambira kale chifukwa malo ambiri abwino ali ndi tiyi, ndipo ntchito ya m'minda ya tiyi imachuluka nthawi ya mvula, chilimwe chikafika ambiri amaimitsidwa. Mtukula Pakhomo amafikira mabanja ochepa chabe m'mudzi. Munthu amene wadutsa m'zonsezi akagwidwa ndi sopo, ine ndimayamba ndafunsa kuti kunyumba kwake adya liti komaliza.

Mphwanu wa ku Johannesburg

Akuluakulu, ine ndine wamng'ono pakati panu koma ndilole ndiikepo mawu, chifukwa ndisanabwere kuno ndinagwirapo ntchito ya ulonda pa sitolo ina kwathu konko. Katundu akasowa pa shelefu, abwana ankadula pa malipiro athu ife alonda ndi atsikana ogulitsa, ndipo mwezi wina ndinalandira theka la malipiro chifukwa cha mafuta ophikira amene sindinawaone n'komwe mmene anatulukira. Ndiye mukaona mlonda akukalipa atagwira munthu, dziwani kuti mumtima mwake muli ndalama zimene anamudula miyezi yapitayo. Sindikuvomereza kumenya, ndipo lero ndimachita manyazi ndikakumbukira tsiku limene ndinakankha bambo wina wachikulire chifukwa cha paketi ya mchere, koma ndikufuna mudziwe kuti wakuba waung'ono nthawi zambiri amabera wosauka mnzake.

Komabe chimene chimandiwawa kwambiri ndi kusiyana kwa miyeso. Pa nkhani ya Cashgate ya 2013, yemwe anali mlembi wamkulu wa unduna wa zokopa alendo anavomera mlandu wokhudza ndalama za boma zokwana pafupifupi K63 miliyoni, ndipo mu 2014 anapatsidwa zaka 3. Mayi wa shuga wapatsidwa miyezi inayi. Aliyense atenge cholembera awerengere yekha kuti kwacha imodzi yobedwa ikulipidwa ndi masiku angati mbali iyi ndi mbali inayo.

Bambo a Yamikani, kale kalaliki wa kukhoti

Achimwene, chitsanzo chanu ndi choona, ngakhale kuti pa milandu yomweyo panali ena amene analandira zilango zokhwima, monga Oswald Lutepo amene anapatsidwa zaka 11 mu 2015. Chimene chinathandiza mlembi wamkulu mwamutchulayo n'chakuti anali ndi loya, anavomera mlandu, anabweza ndalama, ndipo zonsezo zinanenedwa bwino pamaso pa woweruza. Mayi wa kwa Aphunzitsi nayenso anavomera, katundu nayenso anabwezedwa, koma panalibe womuyankhulira. Ine sindifuna kuti olemera alandidwe ufulu wodandaula, ndikufuna kuti osauka nawonso aupeze.

Ndiwonjezere kuti ndende zathu zadzaza kuposa kuwirikiza kawiri chiwerengero chimene zinamangidwira. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti kuthinana kwa m'ndende n'kuphwanya ufulu wa akaidi ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiwerengerocho ndi theka. Papita zaka zambiri chigamulocho chisanakwaniritsidwe. Munthu aliyense amene timamulowetsa chifukwa cha sopo amadya chakudya chogulidwa ndi misonkho yathu kwa miyezi inayi, ndipo mtengo wa chakudyacho umaposa kutali katundu amene anatenga.

Agogo a Chifundo, mkulu wa mpingo, Chonde

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo mtima wanga ukundiimba mlandu ineyo poyamba. Pa Miyambo 6 ndime 30 ndi 31 timaphunzira kuti anthu sanyoza mbala imene yaba chifukwa cha njala, komabe ikagwidwa iyenera kubwezera. Mawu amenewa sakumasula wakuba, ndiponso sakulola kumuchititsa manyazi. Akulamula kubwezera, ndipo wolandira ndi mwini katundu. Pa nkhani ya Aphunzitsi, K40,000 ikanalipidwa ikanapita ku boma, mwini golosale sakanaona ngakhale tambala.

Ndili mwana, munthu akagwidwa akuzula chinangwa m'munda mwa mnzake nthawi ya njala, ankamutengera kwa nyakwawa, achibale ake ankabwera, ankapepesa ndi nkhuku, ndipo iye ankapalira mizere ingapo m'munda womwewo. Manyazi analipo, koma anali a pabwalo limodzi ndipo ankatha. Chithunzi cha pafoni sichitha. Mayiyu adzatuluka, koma mwana wake adzakwatiwa anthu akumuloza kuti ndi mwana wa uja wa shuga. Anyamata amene anamumenya ndi kumujambula nawonso anapalamula, ndipo sindinamve kuti wina wa iwo anaitanidwa kukayankha. Kuno ku Mulanje tinaona mu 2017, nthawi ya mphekesera za anamapopa, mmene gulu la anthu likadzipatsa mphamvu zoweruza limathera pa kupha anthu osalakwa. Zimayamba ndi mbama imodzi imene aliyense akuivomereza.

Ndikufunsanso ife a mipingo, a mvano ndi a chigwirizano, kuti tinali kuti pamene mayiyu ankachapa zovala za khanda ndi madzi okha.

Nduna ya Mfumu, dera la Mabuka

Agogo anena zoona, ndipo mpaka lero milandu yambiri yaing'ono imathera pabwalo lathu anthu n'kugwirana chanza. Pempho langa n'lakuti eni masitolo azibwera kwa ife poyamba asanathamangire ku polisi, chifukwa ife timadziwa khomo lililonse, timadziwa amene akuvutikadi ndi amene wangozolowera dzanja lalitali.

Anaphiri, mlangizi wa zaumoyo, Nkando

A Nduna, ndikulemekeza ntchito ya mabwalo athu, koma ndinene mosabisa kuti si mabwalo onse amene amaweruza mofanana. Ndaonapo mayi wamasiye wobwera, wopanda achibale m'mudzi, akulamulidwa mbuzi pa mlandu umene mphwake wa munthu wodziwika analipira nkhuku. Ndiponso ena amafuna ndalama ya chabwalo mlandu usanayambe, ndipo wosauka amagonja asanatsegule pakamwa. Ngati tikufuna kuti nkhani zizithera m'mudzi, pakhale amayi pakati pa oweruza, ndipo chobwezera chisapitirire mtengo wa katundu ndi kachipepeso kochepa.

Mayi a Tadala, Limbuli

Ndabwereranso chifukwa mawu a Agogo andikumbutsa zimene zinandichitikira. Zaka ziwiri zapitazo ndinagwira bambo wina atatenga botolo la mafuta ophikira ndi makope awiri, ndipo ndinamutengera ku polisi. Ndinatseka okala tsiku lokapereka sitetimenti, ndinatsekanso tsiku la kukhoti, ndinalipira kabaza maulendo anayi, ndipo mafutawo anakhala kumeneko ngati umboni kwa masabata angapo. Nditawerengera ndinapeza kuti ndataya ndalama zambiri kuposa zimene anandibera. Bamboyo anapita kundende, ndipo mkazi wake ankadutsa pa okala yanga tsiku lililonse popita kumjigo ndi ana awiri, osandipatsa moni. Makope aja anali a ana amenewo. Sindinapeze mtendere pa nkhaniyo ngakhale kuti ndinali wolakwiridwa.

Ndatchula dala kuti anali bambo, chifukwa tikamakamba za chifundo timaganiza za amayi okha, koma alipo abambo amene akulera ana okha, ndipo bambo akagwidwa amamenyedwa koposa. Chiyambire pamenepo, woyamba kugwidwa ndimamuitanira kuseri, ndimatumiza uthenga kwa nyakwawa yake, amabweza katundu, ndipo amandigwirira ganyu ya tsiku limodzi kapena awiri. Ena mwa iwo lero ali m'kope langa la ngongole ndipo amalipira bwino. Koma pa wobwereza kachiwiri ndi kachitatu sindisintha maganizo anga, ameneyo ndimutengerabe ku polisi, kaya ali ndi khanda kaya alibe, chifukwa ndikapanda kutero okala idzatsekedwa ndipo ana anga ndiwo adzakhale opempha.

Bambo a Yamikani, kale kalaliki wa kukhoti

Mayi, kusiyanitsa woyamba ndi wobwereza n'kumene lamulo nalonso limafuna, ndipo pamenepo sitikutsutsana. Ndingoti ngakhale wobwereza ali ndi ufulu wosamenyedwa, wopita kukhoti pasanathe maola 48 monga gawo 42 la malamulo aakulu a dziko likunenera, komanso wopempha belo, imene ku polisi ndi yaulere.

Aphunzitsi, pa nkhani ya mayiyu njira zilipo ziwiri. Chindapusa chikalipidwa kukhoti limene linaweruza, risiti imapita kundende ndipo amatuluka. Njira ina ndi kupempha Khoti Lalikulu ku Blantyre kuti liunikenso chilangocho, chifukwa lili ndi mphamvu zochepetsa kapena kusintha zigamulo za makhoti a majisitireti. A Legal Aid Bureau amathandiza kwaulere anthu osowa, ndiponso a bungwe la PASI amayendera ndende kuthandiza akaidi pa nkhani zotere. Chofunika ndi nambala ya mlandu ndi tsiku limene unaweruzidwa. Ndikuchenjezeni kuti mapepala amayenda pang'onopang'ono, ndipo pa chilango cha miyezi inayi yankho likhoza kufika munthu atamaliza kale. Kuunikanso kungathandize amene adzabwere pambuyo pake, koma chomutulutsa msanga ndi ndalama.

Mphwanu wa ku Johannesburg

Ine nditumiza K15,000 mawa kudzera kwa Agogo a Chifundo. Ndikupempha kuti asauzidwe kuti zachokera kwa ndani.

Mayi a Tadala, Limbuli

Ine ndiikapo K5,000, koma ndikupempha chinthu chimodzi, kuti akatuluka a Nduna ndi Agogo amuperekeze kwa mwini golosale uja akapepese pamaso, chifukwa nayenso ndi munthu ndipo mpaka pano palibe amene wamufunsa mmene akumvera. Akafuna, abwere adzatenge tomato ndi bonya pangongole kuti ayambe kakegeni pakhomo.

Aphunzitsi Opuma, Chisitu

Ndathokoza nonse. Agogo andiimbira kuti amayi a mvano asonkha zotsalazo Lamulungu likudzali, ndipo Lachiwiri ine ndi Bambo a Yamikani tidzapita kukhoti ndi ndalamazo, tikatengenso nambala ya mlandu kuti kalata yopempha kuunikanso ilembedwebe. Dzulo ndinapita kukacheza ndi mtsikana uja. Anandiuza kuti ngakhale mayi ake atatuluka, iye sabwerera kusukulu, chifukwa anzake a m'kalasi amamuonetsa chithunzi chija pa nthawi yopuma. Ndayankhula ndi aphunzitsi ake ndipo alonjeza kukambirana ndi makolo a ana amene ali ndi mafoni. Ndikudziwa kuti ena a pagulu lino munachilandira chithunzicho, mwina munachitumizanso kwa ena musanadziwe nkhani yonse. Ndikukupemphani kuti muchifufute lero, ndipo muuze amene munawatumizira achite chimodzimodzi. Mayeso atsala miyezi itatu, ndipo Lachinayi madzulo ndipitanso ndi mabuku a masamu kukamuyesa ngati angavomere kuyambira kunyumba.